Patitaimu ya timakadi pa Nchalo, ndi yabwino koma osati pa chilichonse

Makolo ambiri mwakhala mukufunsa za patitaimu ya madamu aja amaphunzitsira pakhonde kuseri kwa msika pa Nchalo, wanga wa Fomu 4 amapita komweko ndiye ndinene zomwe ndikuona. Musayembekeze kuti mwana azibwera ndi manotsi odzaza kope ayi. Madamuwa amagwiritsa timakadi todula ku makatoni a sopo, kutsogolo funso kumbuyo yankho, ndi kabokosi ka zipinda zitatu. Mwana akakhoza, kadi imapita chipinda chotsatira ndipo adzaionanso pakapita masiku angapo, akalakwa imabwerera koyambirira mawa lake ali nayonso. Basi.

Makolo ena akuti umenewu ndi ulesi, tikulipira ndalama kuti ana azisewera juga, koma nzeru yobwereza zinthu momwaza masiku ili ndi mwini wake ndipo madamu amamutchula daily mpaka ana anamuloweza. Ndi Hermann Ebbinghaus, mzungu wa ku Germany wobadwa 1850 yemwe anamwalira 1909. Bambo ameneyu anadziyesa yekha, anapanga timawu topanda tanthauzo toposa 2,000 nkumatiloweza mndandanda ndi mndandanda kenako nkumawerengera kuti pakapita nthawi akufunika kubwereza kangati kuti atigwirenso. Zotsatira anazitulutsa mu 1885. Anapeza kuti kuiwala kumathamanga koyambirira kwenikweni, pakangotha ola limodzi zopitirira theka zapita kale, pakatha tsiku kamatsala kagawo kamodzi mwa atatu, kenako kumayenda pang'onopang'ono. Chomwe chinandigwira mtima ine ndi ichi, kubwereza ka 38 komwaza pa masiku atatu kunamupatsa zofanana ndi kubwereza ka 68 tsiku limodzi. Ndiye ana athu aja amagona m'kalasi kuwerenga usiku wonse mayeso a MANEB atatsala sabata, miyendo ali mu beseni la madzi kuti asasinze, akungodzizunza.

Kwa wanga zikugwira pa Biology, Agriculture ndi History, masiku ano ukamufunsa ntchito ya impso ali pa mtondo akusinja amayankha osayang'ana kumwamba. Koma pa Maths ndi kompozishoni sindikuonapo kusintha kwenikweni, ndipo sizodabwitsa, mzungu uja ankayesa kuloweza zinthu zopanda mutu osati kumvetsa, komanso anali munthu mmodzi yekha. Mwana yemwe sanamve m'kalasi kadi siimufotokozera kanthu, amangoloweza ngati chinkhwe. Apa madamu akanawonjezerako ola lofotokoza zikanakhala bho.

Dandaulo langa lalikulu ndi nthawi. Amayamba 2 koloko masana pansi pa malata, inu mukudziwa mmene kumatenthera kuno mu Okutobala, ana amangodzipepesa ndi timakadi tomweto mpaka inki kufufutika ndi thukuta. Mabenchi ndi ochepa, ochedwa amakhala pa njerwa. Komanso mwana akajomba sabata imodzi, kaya malungo kaya madzi adula njira nthawi ya dzinja, amapeza makadi ataunjikana ndipo ena amagwa ulesi nkusiyiratu.

Mtengo sukusiyana ndi mapatitaimu ena a pano ndipo amalola kulipira pawiri. Ngati mwana wanu ali Fomu 3 mulembetseni panopa, njirayi imafuna miyezi, wa Fomu 4 yemwe watsala ndi milungu iwiri musavutike naye kumupititsa. Mumutengetse botolo la madzi.