Golosale ya pa Chitakale imene sigulitsa ndudu kwa ana

Mwa magolosale amene andandalika m'mbali mwa msewu pa Chitakale, m'boma la Mulanje, ilipo imodzi imene ndikufuna kuiyamikira chifukwa cha kagulitsidwe kake ka fodya, ngakhale kuti shuga, sopo, buledi ndi mafuta ophikira zimene zili m'mashelefu ake sizisiyana ndi za m'magolosale oyandikana nayo. Mwini wake ndi mayi wachikulire, ndipo chiphaso chake cha bizinesi chochokera ku khonsolo anachipachika pakhoma kuseri kwa kauntala, pamene wogula aliyense angathe kuchiwerenga.

Ndudu m'golosaleyi siziikidwa pafupi ndi maswiti ndi mabisiketi monga tizionera m'maokala ambiri, koma zimakhala m'kabati yotseka imene ili pamwamba, moti mwana woima pakauntala saziona n'komwe. Pakiti iliyonse ili ndi sitampa ya bungwe lotolera msonkho la MRA. Imeneyi si nkhani yaing'ono m'boma lino, limene lili ndi chipata cha Muloza ndiponso malire aatali ndi dziko la Mozambique, kumene katundu wina amadutsa m'njira zachidule osalipiridwa msonkho.

Chimene chinandikhudza kwambiri ndi mmene mayiwa amachitira ndi ana otumidwa. Mnyamata wina wa sukulu ya pulayimale anafika atafumbata ndalama m'manja, n'kunena kuti atate ake amutuma ndudu ziwiri. Mayiwa sanamukalipire, koma anamubwezera ndalamayo n'kumuuza modekha kuti: "Mwanawe, ukawauze abambo ako kuti abwere okha, ine fodya sindipatsira ana." Kwathu kuno mwana sakana kutumidwa ndi wamkulu, ndipo wogulitsa amene wabweza mwana amadziwa kuti angathe kudana ndi kholo lake, kutaya kasitomala, ndiponso kutchedwa wonyada. Komatu ulendo wopita kukagulira munthu wamkulu ndudu ndi umene umazoloweretsa mwana kugwira fodya, kudziwa mtengo wake ndi mayina ake, ndipo tsiku limene adzafune kulawa yekha sadzasowa chonena pakauntala, popeza adzangoti watumidwa.

Zofooka ziliponso. Kwa akuluakulu, golosaleyi imagulitsabe ndudu imodziimodzi, chifukwa ambiri mwa ogula, makamaka ogwira ntchito m'minda ya tiyi ndi akabaza, sakwanitsa pakiti yathunthu. Ndikumvetsa chifukwa chake, koma ndudu yotsika mtengo choncho ndi imenenso imakopa wachinyamata amene wangoyamba kumene. Chinanso n'chakuti pa masiku amalipiro amuna amasonkhana pakhonde n'kumasuta pomwepo, ndipo amayi obereka ana amadutsa mu utsiwo polowa. Pamenepa mwini golosale akanatha kulimba mtima monga amachitira pakauntala.

Kupatula za sitampa ya msonkho, zabwino zonse zimene ndatchulazi mayiwa amachita mwa kufuna kwawo. Ndinawerenga chiphaso chili pakhomacho, ndipo chimangonena za bizinesi yogulitsa katundu wosiyanasiyana ndi nthawi imene chidzathere mphamvu, popanda mawu alionse okhudza fodya. Izi zikutanthauza kuti wogulitsa amene amabweza ana ndi amene amawalandira ndi manja awiri ali ndi pepala lofanana. Mowa uli ndi chiphaso chakechake, chimene chimaika ngakhale maola ogulitsira, ndipo sindiona chifukwa chimene fodya sangakhalire ndi chake. Lamulo la maboma aang'ono la 1998 limapatsa makhonsolo mphamvu yokhazikitsa malamulo a m'madera awo, ndipo m'chaka cha 2023 dziko la Malawi linalowa m'pangano la bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lolimbana ndi kusuta fodya, limene gawo lake la 16 limafuna kuti mayiko aletse kugulitsa fodya kwa ana ndiponso ayesetse kuthetsa kugulitsa ndudu imodziimodzi. Ena amaopa kuti kukhwimitsa malamulo otere n'kulimbana ndi mlimi, poti fodya ndi amene amabweretsa ndalama zambiri zakunja, koma fodya wambiri wopita kumisika ya Limbe, Kanengo, Chinkhoma ndi Mzuzu amatumizidwa kunja, ndipo mlimiyo sataya kanthu mwana wa pa Chitakale akabwezedwa pakauntala. Khonsolo itati ilembe pachiphaso kuti wogulitsa fodya kwa munthu wosakwana zaka 18 adzalandidwa chilolezo, mayiwa sangakhalenso okha pa mlandu wokhumudwitsa makolo.

Kwa amene akufuna kukagulako, mitengo ya zinthu zina ndi yokwererapo pang'ono poyerekeza ndi ya mumsika, ngongole sapereka, ndipo amatseka kukangoyamba mdima. Kholo limene likufuna kutuma mwana mchere kapena machesi likhoza kumutuma kumeneko popanda nkhawa.