Ndemanga: Garaja ya pa Nchalo yomwe inandikonzera nyali ya TRC ndi ABS

Ndadikira miyezi itatu ndisanalembe ndemangayi chifukwa ndinkafuna kuti ntchito imene anandigwirira iyesedwe kaye ndi mvula. Ndimakhala ku Ngabu ndipo ntchito yanga imandiyendetsa m'midzi, m'misewu ya dothi la makande lomwe likanyowa limaterera ngati therere, kenaka n'kuumira m'kati mwa matayala dzuwa likawala.

Galimoto yanga ndi Toyota yomwe inagwirako kale ntchito ku Japan. Pa dashibodi pake pali nyali yachikasu ya chithunzi cha galimoto yokhala ndi mizere iwiri yokhotakhota kunsi kwake. Iyi ndi nyali ya TRC, chipangizo chothandiza kuti matayala asamazungulire pachabe poterera. Nyaliyi ikamaphethira m'matope palibe vuto, chifukwa imasonyeza kuti kompyuta yaona tayala limodzi likuzungulira pachabe, choncho ikuchepetsa mphamvu ya injini ndi kugwira buleki pa tayalalo. Koma mu Januwale, nditawoloka madzi omwe anasefukira mumsewu wa kumudzi, nyaliyo inayaka osazimanso, ndipo ya ABS, chipangizo choletsa matayala kumangika ukaponda buleki mwamphamvu, inayaka nayo limodzi.

Makaniko woyamba amene ndinamuonetsa anangochotsa waya wa batire n'kubwezeretsa. Nyali zinazima, koma ndisanafike n'komwe pa msewu wa M1 zinayakanso. Nditabwerera anandiuza kuti ndimate tepi pa dashibodi popeza galimoto ikuyenda bwinobwino. Malangizowa anandikhumudwitsa kwambiri, chifukwa ine ndimatsika zitunda za pakati pa Blantyre ndi Thabwa kawiri pa mwezi nditanyamula banja langa.

Pa Nchalo ndinapita kwa bambo wina amene amakonza zamagetsi a galimoto zokhazokha. Choyamba anayeza batire ndipo anapeza mavoti 12.5 injini ili chozima, ndi pafupifupi 14 italira. Anati amayambira pamenepo chifukwa batire yofooka payokha imatha kuyatsa nyali zimenezi. Kenaka analumikiza makina ake oyezera pa soketi ya OBD yomwe ili kunsi kwa chiwongolero, ndipo anandifotokozera kuti timakina tambiri totchipa tolumikiza ku foni timangowerenga za injini, sitifika ku kompyuta ya mabuleki. Makinawo anaonetsa nambala C0200, yomwe pa Toyota imaloza ku sensa yoyeza liwiro la tayala lakutsogolo kumanja.

Apa ndi pomwe ndinaona kusiyana kwa bamboyu ndi ena. Ndinkayembekezera kuti andiuza kuti ndigule sensa nthawi yomweyo, koma anati, "Bambo, nambalayi ikungotiuza mbali yomwe kuli vuto, sinatiuze chimene chawonongeka." Anakhala kumpando wa kumanzere atagwira makinawo, ine ndikuyendetsa pang'onopang'ono. Matayala atatu ankaonetsa liwiro la makilomita 30 pa ola mofanana, koma lachinayilo linkagwa mpaka pa 0 nthawi iliyonse ndikakhotetsa chiwongolero. Atakweza galimoto pa jeke n'kuchotsa tayala, tinapeza kuti kapulasitiki kogwira waya wa sensa kanathyoka, mwina ndi chitsa chobisika m'madzi aja, ndipo wayawo unkakhuzika mpaka unasupuka n'kutsala timawaya tochepa m'kati. Matope ouma anali ataphimba malo onsewo moti ndi maso okha, tayala lili pomwepo, palibe akanaona. Anandiuza kuti TRC ndi ABS zimadalira masensa omwewo, ndiye kompyuta ikasiya kumva tayala limodzi imazimitsa zonse ziwiri. Mabuleki wamba amagwirabe, koma ukaponda mwadzidzidzi pa tala wonyowa matayala akhoza kumangika n'kuyamba kukhwekhwereza.

Anati akhoza kulumikiza wayawo ndi mtovu wowotcherera, koma sanandibisire kuti pamalo pomwe waya umapindika nthawi zonse ndiponso kumizidwa m'madzi, cholumikizacho sichikhalitsa. Ndinasankha sensa yatsopano, yomwe imabwera ndi waya wake womwe. Atamaliza kuika anatsuka malowo, anamanga wayawo bwino, anafufuta nambala ija ndipo tinayendanso kuti aone ngati matayala onse anayi akuwerengeka mofanana.

Zodandaula zilipo. Sensayo inachita kuitanitsidwa ku Limbe pa minibasi, motero galimoto inagona pa garajapo ndipo ntchito ya maola awiri inanditengera masiku awiri. Pa garajapo palibe mthunzi wokwanira woti kasitomala adikirirepo, ndipo amene amadziwa kutentha kwa kuchigwa kuno akumvetsa tanthauzo la zimenezi. Lisiti anandilembera nditachita kupempha. Mtengo woyezera ndi makina ndinauona wokwera poyamba, ngakhale kuti ndikaganiza za zipangizo zomwe ndikanagula mongoyerekeza, ndalamayo sindikuidandaula.

Anandiphunzitsanso chinthu chomwe sindinkachidziwa m'zaka zonse zomwe ndakhala ndi galimotoyi: ikatitimira m'matope kapena mumchenga, ndi bwino kuzimitsa TRC pa batani lake kwa kanthawi kuti matayala azungulire momasuka, kenaka n'kuyatsanso ukatuluka. Ndinayesa zimenezi mu Febuluwale kufupi ndi Bangula ndipo galimoto inatuluka popanda kuitana anyamata okankha.

Chiyambireni nyali ya ABS sinayakenso. Tsiku lina ndikutsika zitunda zija mvula ikugwa, mbuzi zinalowa mumsewu pa kona, ndipo nditaponda buleki mwamphamvu ndinamva pedulo ikunjenjemera kuphazi, galimoto n'kuima osapatuka. Chatsala ndi tayala limodzi lakumbuyo lomwe bamboyo anaona kuti ndi la saizi yosiyana ndi anzake, ndipo anandichenjeza kuti kusiyanako kukhoza kusokoneza kompyuta yomweyo. Ndaitanitsa kale lina, ndipo likafika ndidzapitanso ku Nchalo kuti akayezenso matayala onse anayi pa makina aja.