Kusintha graphics card ya laputopu: MXM, eGPU kapena kungogula desktop?

Amene amasewera magemu, amene amakonza makanema a maukwati pa Premiere Pro kapena DaVinci Resolve, ndi ophunzira amene Revit ikuwatsamwitsa laputopu, onsewa amafunsa funso limodzi: kodi ndingachotse graphics card ya mu laputopu yanga n'kuikamo ina yamphamvu, ngati mmene timachitira ndi RAM? Pa malaputopu ambiri amene tili nawo, yankho ndi lakuti ayi. Mulibe khadi loti n'kuzula. Ngati laputopu yanu imagwiritsa ntchito Intel UHD, Iris Xe kapena Radeon yobwera ndi purosesa ya Ryzen, ndiye kuti GPU, mtima wa graphics card umene umakonza zithunzi zooneka pa sikirini, ili m'kati mwa purosesa momwemo. Ngati ili ndi GeForce GTX kapena RTX, kawirikawiri imeneyo ndi chip yowotcheredwa pa motherboard ndi timipira tambirimbiri ta chitsulo tokhala kunsi kwake, ndipo ma chip a memory ake anawotcheredwanso pambali pake.

Komabe njira zopezera mphamvu zambiri zilipo, kungoti si zonse zimene zingatheke pa laputopu iliyonse. Musanawononge ndalama, tsegulani Device Manager, pitani pa Display adapters muone GPU imene muli nayo. Kenako fufuzani service manual ya laputopu yanuyo pa intaneti. Dell, HP ndi Lenovo amaika mabuku amenewa ulere, ndipo ngati graphics card ndi yochotseka, bukulo limasonyeza kachotsedwe kake. Pomaliza yang'anani m'mbali mwa laputopu ngati pali USB-C yokhala ndi kachizindikiro ka mphezi, kosonyeza kuti ndi ya Thunderbolt. Mayankho atatu amenewa ndi amene akuuzeni njira yanu.

Kusintha kwenikweni kwa m'kati kumatheka pa malaputopu okhala ndi MXM. Uwu ndi mtundu wa khadi umene NVIDIA inayambitsa mu 2004, ndipo limalowa mu slot yakeyake n'kumangidwa ndi masikuluu awiri. Limapezeka m'malaputopu akuluakulu olemera aja: Dell Precision M4800 ndi M6800, HP EliteBook 8570w ndi 8770w, ma ZBook 15 ndi 17 oyambirira, Alienware 17 ndi 18 zakale, ma MSI GT ena, ndi ma Clevo ambiri. MXM 3.0 ili pawiri. Type A ndi yaifupi, mamilimita 82 kwa 70, pomwe Type B ndi mamilimita 82 kwa 105. Khadi la Type B silikwana malo a Type A, choncho wa M4800 asamasirire makhadi amene wa M6800 angaike.

Pongoona, ntchito yake imaoneka yophweka. Mumachotsa batire, kutsegula pansi kapena kuchotsa kiyibodi, kumasula fani ndi heatsink (mkuwa wochotsa kutentha pa chip), ndipo mukamasula masikuluu awiri aja khadi limadzuka lokha mbali imodzi, inu n'kulikoka. Vuto limayamba mukaika latsopano. Heatsink yakale inapangidwa motsata khadi lakale, ndiye mkuwa wake ukhoza kukhudza pamene suyenera kukhudza, kapena kusiya ma chip a memory opanda chowaziziritsa. Kachitsulo kooneka ngati X kamene kamakhala kuseri kwa khadi nthawi zina kamafunika kuchotsa pa khadi lakale n'kukamata pa latsopano, chifukwa mabowo a masikuluu amasiyana. Ma thermal pad, timapadi tofewa topititsa kutentha ku mkuwa, akachepa kapena kunenepa pang'ono chabe, chip siigunda bwino mkuwa, ndipo laputopu imazima ikangotentha. Mukapambana zonsezi mumakumana ndi BIOS, pulogalamu yoyambitsa laputopu ikangoyatsidwa, imene ikhoza kukana khadi limene silidziwa, sikirini n'kungokhala bii. Ikalola, pulogalamu yoika driver ya NVIDIA ikhoza kunena kuti sikupeza khadi loyenera, ndiye mpaka musinthe fayilo ya INF pamanja kapena mugwiritse ntchito kapulogalamu ngati NVCleanstall. Chaja nayonso ili ndi malire: M4800 imayendera ya mawati 180, M6800 ya mawati 240, ndipo khadi lofuna magetsi ochuluka kuposa mmene laputopuyo inapangidwira limangodzichepetsa liwiro.

Anthu ambiri achitapo zimenezi n'kupambana, ndipo GTX 980M ya mu 2014 mu M6800 ndi imodzi mwa nkhani zodziwika. Ine ndimawalemekeza amene amachita ntchito yotereyi, chifukwa amapatsa moyo makina amene akanatayidwa. Koma kunena zoona, mukugula khadi lakale kuti muike mu laputopu yakale. Makhadi a MXM ndi osowa, ogulitsa amawakweza mtengo, ndipo likabwera lakufa kuchokera ku China kapena ku UK, kulibweza ndi nkhani ina. Mapurosesa a Intel a m'badwo wachinayi amene ali mu M4800 ndi M6800 sali pa mndandanda wa ovomerezeka pa Windows 11, pomwe Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Njira imeneyi ndi ya munthu amene laputopu yotere ali nayo kale, khadi walipeza motchipa, ndipo dzanja lake silinjenjemera akagwira sikuludiraiva.

Makampani ena anayesa kubweretsa ganizo lomweli mwa mtundu wina. Alienware Area-51m ya mu 2019 inali ndi khadi lochotseka la mtundu wa Dell wokha, koma eni ake ankangotha kusinthira ku makhadi a m'badwo womwewo. Framework Laptop 16 ndiye yachita bwino: GPU yake imalowera kumbuyo ngati kabokosi, inayamba ndi Radeon RX 7700S, ndipo mu 2025 analengeza ya GeForce RTX 5070 yolowa malo omwewo. Ndi laputopu yodula, ndipo m'masitolo a ku Lilongwe kapena ku Blantyre simungaipeze. Amene muli ku UK ndi mayiko ena a ku Ulaya, ngati mukufuna kugula laputopu yatsopano yoti mudzasinthe GPU m'tsogolo, muiganizire. Kwa amene laputopu ali nayo kale, siithandiza kanthu.

Njira yachiwiri ndi kusiya za m'kati n'kulumikiza khadi la desktop kunja, chimene amati eGPU. Yaukhondo kwambiri ndi ya Thunderbolt. Mumagula bokosi ngati Razer Core X kapena Sonnet Breakaway Box, lomwe limabwera ndi power supply yake, mumaikamo graphics card wamba ya desktop, n'kulumikiza ku laputopu ndi waya mmodzi. Simutsegula laputopu, ndipo mukafuna kupita ku ntchito mumangozula waya n'kunyamuka. Khadilo mukhoza kudzaliika mu desktop tsiku lina, chinthu chimene khadi la MXM silingakupatseni.

Apa chenjerani: si USB-C iliyonse imene ili Thunderbolt. Kabowo kake n'kofanana, koma malaputopu ambiri otchipa ali ndi USB-C yongotumiza mafayilo basi. Mukufunika Thunderbolt 3, Thunderbolt 4, kapena USB4 imene imatumiza PCIe, njira imene khadi limalankhulirana ndi purosesa. Ma ThinkPad, Latitude, XPS ndi EliteBook ambiri a mu 2017 kupita m'tsogolo ali nayo, koma ena anaipatsa misewu iwiri yokha ya PCIe m'malo mwa inayi, ndiye werengani za mtundu wanu weniweniwo. Wa MacBook adziwe kuti za purosesa ya Intel zimalola eGPU ya makhadi a AMD, koma kuyambira pa M1 ya mu 2020, Apple siilolanso.

Ndipo musayembekezere mphamvu zonse za khadi limene mwagula. Thunderbolt 3 ndi 4 zimatchulidwa kuti ndi za 40 Gbps, koma gawo la PCIe silipitirira 32 Gbps pa misewu inayi, pomwe khadi lomwelo mu desktop limakhala ndi misewu mpaka 16. Zili ngati thanki yaikulu ya madzi yotulutsira pa paipi yopapatiza: kukulitsa thanki sikuwonjezera madzi ofika pa mpopi. N'chifukwa chake kuika RTX 4090 pa Thunderbolt 3 n'kutaya ndalama, pamene khadi lapakati ngati RTX 3060 kapena RX 6600 limayenda bwino. Kuchepa kwa liwiro kumakula mukamaonera pa sikirini ya laputopu, chifukwa zithunzi zimayenera kubwereranso kudzera pa waya yemweyo. Lumikizani monita ku khadi lenilenilo, muona kusiyana. Pa ntchito yotulutsa kanema womalizidwa (rendering) kapena ya Blender vutoli silimveka kwambiri ngati pa magemu, poti khadi limalandira ntchito kamodzi n'kumaigwira palokha. Thunderbolt 5 yakulitsa paipi ija, koma ili pa malaputopu atsopano odula okhaokha.

Njira yachitatu ndi eGPU yomweyo koma yolowera pakhomo la kuseri. Slot ya M.2 imene mumalowa SSD ya NVMe kawirikawiri ndi PCIe ya misewu inayi, ndiye pali ma adaputa, ngati a ADT-Link, amene amalowa mmenemo n'kutulutsa waya wopita ku khadi. Ena amaikapo cholumikizira cha OCuLink kuti waya azitha kuzulidwa kunja. Pa liwiro, njira imeneyi imaposa Thunderbolt 3 ndi 4, makamaka pa PCIe 4.0 pamene imafika pafupifupi 64 Gbps, ndipo adaputa ndi yotchipa kwambiri poyerekeza ndi bokosi la Thunderbolt. Koma taganizani mmene tebulo lanu lizionekera: laputopu yotsegula pansi kapena yoboola chivundikiro, kawaya kafulati kakutuluka, khadi lili pamtunda fani ikuzungulira, pambali pali power supply ya desktop mawaya ali balala. M'nyumba mwa ana aang'ono kapena m'nyengo ya fumbi ya Okutobala, zimenezi n'zodetsa nkhawa. Simungalumikize kapena kuzula kompyuta ili yoyaka. Ngati slot ya NVMe ndi imodzi yokha, Windows muisamutsire ku diski ya SATA, ngati malo ake alipo. Onaninso kuti M.2 ina ndi ya SATA chabe, ndipo imeneyo sigwira ntchito n'komwe. Pa Windows makhadi a NVIDIA amakonda kuonetsa Error 43 pa njira imeneyi, vuto limene lili ndi mankhwala ake pa intaneti koma limafuna kudekha.

Eni ma ThinkPad akale ngati T420, T430 ndi X230 ali ndi slot ya m'mbali yotchedwa ExpressCard, ndipo kachipangizo ka EXP GDC kamalowa pamenepo popanda kutsegula kalikonse. Msewu wake ndi umodzi, wa 5 Gbps, choncho khadi loyenera ndi laling'ono ngati GTX 750 Ti kapena GTX 1050 Ti. Kuchotsa khadi la Wi-Fi n'kulumikiza pamenepo kumathekanso, koma nawonso ndi msewu umodzi, ndipo mwataya Wi-Fi.

Zinthu ziwiri ndikuti muzipewe. Choyamba, wokonza akakuuzani kuti achotsa chip ya GPU ndi mpweya wotentha n'kuwotchererapo yamphamvu, kanani. Motherboard, magetsi ake, BIOS ndi kaziziritsidwe zinapangidwira chip yakale ija, ndipo chimene chimachitika kawirikawiri n'kutaya laputopu yonse. Chachiwiri, tizipangizo ta USB tolembedwa kuti USB graphics adapter, ngati ta DisplayLink, timangokuthandizani kulumikiza monita ina. Sitiwonjezera mphamvu ngakhale pang'ono.

Tsopano njira imene anthu saikonda kuimva, koma imene ine ndimayamba nayo ndikafunsidwa. GPU ya m'kati mwa purosesa ilibe memory yakeyake, imabwereka RAM. Malaputopu ambiri amagulitsidwa ndi RAM imodzi, slot inayo ili yopanda kanthu. Mukaikamo yachiwiri yofanana nayo, memory imayenda pa misewu iwiri, ndipo pa Ryzen kapena Iris Xe kusinthako kumaoneka ndi maso m'magemu. Kenako tsegulani fani. Pakati pa fani ndi timasamba ta mkuwa pamakhala chikhatho cha fumbi chonga thonje, chimene chimatseka mpweya mpaka GPU kudzichepetsa liwiro kuti isapse. Chotsani fumbilo, pukutani thermal paste yakale youma, ikani yatsopano pang'ono. Sewerani chaja ili yolumikiza, chifukwa pa batire laputopu imadzibweza dala. M'magemu amene ali ndi FSR ya AMD, njira yopepukitsira GPU ntchito yojambula zithunzi, iyatseni, poti imagwira ngakhale pa makhadi akale ndi a NVIDIA omwe. Zonsezi sizisandutsa Intel UHD kukhala RTX, koma mtengo wake ndi wochepa, ndipo mumadziwa mphamvu zenizeni za laputopu yanu musanaiweruze.

Ngati zikuperewerabe, werengerani bwinobwino mtengo wa eGPU: bokosi kapena adaputa, khadi, power supply, monita, ndalama zotumizira, ndi msonkho wa MRA pa katundu wochokera kunja. Mukaphatikiza, mupeza kuti mwagula pafupifupi desktop yonse, koma yotsamira pa purosesa ya laputopu. Desktop ya mu ofesi yogwiritsidwapo kale ntchito, ngati Dell OptiPlex kapena HP ProDesk, imalandira GTX 1650 ya mawati 75 yosafuna waya wina wa magetsi, kapena RX 6400 yodya ochepera pamenepo. Ngati bokosi lake ndi lopyapyala lija, funani khadi lalifupi la low profile ndipo muone mawati a power supply yake. Kwa anthu ambiri kuno kwathu, ndimaona kuti imeneyi ndiyo njira yabwino: laputopu ikhale yoyenda nayo, ntchito yolemera izigwiridwa pa desktop.

Amene ali kale ndi Thunderbolt ndi purosesa yamphamvu, ndipo safuna makompyuta awiri, eGPU ndi yawo. Kungoti akumbukire za magetsi. Laputopu ili ndi batire, koma bokosi la eGPU lilibe, ndiye magetsi akathima m'kati mwa ntchito, khadi limazima pompo ndipo pulogalamu imene imaligwiritsa ntchito imagwa nayo limodzi. Ikani UPS, bokosi la batire logwirizira magetsi akathima, pa bajeti kuyambira pachiyambi, ndipo ngati mumayendera sola, onani kaye ngati invata yanu ingapirire khadi lodya mawati 170 ngati RTX 3060 pamwamba pa monita ndi chaja ya laputopu.