Makolo a anthu a mvula ndi sukulu yathu ku Oxnard

Abale anga kumudzi, mumandifunsa kuti kuno ku America ndimagwira ntchito yanji. Ndimathandiza mphunzitsi wa ana aang'ono pasukulu ina ya boma ku Oxnard, ku California, dera la minda ya sitiroberi. Ambiri othyola zipatsozi ndi a mtundu wa Mixteco, ochokera kumapiri a Oaxaca ndi Guerrero ku Mexico. Eni ake amadzitcha Ñuu Savi, kutanthauza anthu a mvula. Ana awo sabwezedwa pasukulu ngakhale makolo alibe mapepala owaloleza kukhala m'dziko muno, chifukwa khoti lalikulu la dziko lino linagamula choncho mu 1982.

Nditangoyamba, ndinkamva aphunzitsi akudandaula kuti makolowa sasamala za sukulu: makalata sayankha, kumsonkhano sabwera. Nanenso ndinkangovomera. Komatu makalatawo ankalembedwa m'Chingerezi ndi m'Chisipanishi, poganiza kuti aliyense wa ku Mexico amamva Chisipanishi. Misonkhano ankaiika masana, makolo ali chiweramire m'mizere kuyambira mbandakucha.

Chinanditsegula maso ndi mayi wina amene anaitanidwa chifukwa mwana wake ankagona m'kalasi. Anabwera ndi zovala za kumunda, zala zili psuu ndi madzi a zipatso. Chilichonse chimene mphunzitsi ananena, mayiyo ankangogwedeza mutu n'kuti "sí", kutanthauza "inde" m'Chisipanishi. Kenako anatembenukira mwanayo kuti amumasulire. Tangoganizani, wopalamula yemweyo ndiye womasulira mlandu wake! Mawu a mphindi zisanu anawafupikitsa kukhala atatu, mayi n'kumwetulira.

Zinthu zinasintha sukulu itayamba kupeza omasulira a Chimixteco. Si chapafupi, chifukwa chilankhulochi chimasiyana mudzi ndi mudzi, ndiye umayamba wafunsa kuti kwanu n'kuti. Ndiponso chimadalira kukweza ndi kutsitsa mawu, monga ife timasiyanitsira mtengo wa m'tchire ndi mtengo wa pamsika. Makolo ambiri sanaphunzire kuchilemba, choncho uthenga tsopano umapita wa mawu pafoni, ndipo misonkhano imachitika madzulo. Kuno kuli bungwe lawo la MICOP, lomwe linayamba mu 2001, ndipo lili ndi wailesi yotchedwa Radio Indígena imene anthu amamvera ali kumunda.

Makolo omwe aja aphunzitsi ankati ndi osasamala anayamba kudzaza holo. Ali ndi mwambo wotchedwa tequio, ntchito imene mudzi wonse umagwirira limodzi popanda malipiro, ngati mmene ife timaumbira njerwa za sukulu. Ukawapempha m'chilankhulo chawo, sachedwa.

Ine zimandikumbutsa agogo anga ku Rumphi. Chichewa chitakwezedwa kukhala chilankhulo cha dziko lonse mu 1968, Chitumbuka chinachotsedwa m'kalasi ndi pawailesi. Agogo ankapita kukaona malipoti athu, n'kukhala kumbuyo osayankhula kanthu. Ndinkachita nawo manyazi. Mlungu watha mayi wa mwana wogona m'kalasi uja anaimirira pamsonkhano n'kufunsa, kudzera mwa womasulira, chifukwa chake mwana wake sapatsidwa buku lopita nalo kunyumba.