Kulira mufilimu: gilisalini kapena misozi yeniyeni?

Wosewera wongoyamba akapatsidwa gawo la mayi amene mwamuna wake wamira pa nyanja ya Malombe, njira zolirira zilipo ziwiri.

Gilisalini: kabotolo nkotchipa pagolosale. Dontho limodzi pansi pa chikope, osati m'diso, chifukwa m'disomo amawawa. Mubwereze kakhumi, misozi ilipobe. Koma kamera ikayandikira maso saoneka ofiira, ndipo kutentha kwa Mangochi kuno amasakanikirana ndi thukuta, nkhope nkumangonyezimira.

Misozi yeniyeni: njaulere, koma imafuna mphindi zingapo muli panokha, mukukumbukira chimene chinakupwetekani. Mawu amanjenjemera okha, ngakhale mamina amatuluka. Pofika ulendo wachitatu yauma.

Gilisalini ngwa zojambulira patali. Misozi yeniyeni nja nkhope yapafupi, bola wojambula ayambe ndi nkhopeyo isanaume.