Conrad kapena Achebe, tiyambe ndi uti?

Anzanga okonda mabuku akale, pa nkhani ya atsamunda mabuku awiri awa amatchulidwa limodzi nthawi zonse, Heart of Darkness ya Joseph Conrad ndi Things Fall Apart ya Chinua Achebe, ndipo onse ndi aafupi moti weekend imodzi utha kumaliza. Ine ndikuti yambani ndi Achebe koma Conrad musamutaye.

Conrad analemba zomwe anaona ndi maso. Anapita ku Congo mu 1890 kukagwira ntchito pa sitima ya pamtsinje ya kampani ya ku Belgium, nthawi imeneyo dziko lonselo linali chuma cha mfumu Leopold II payekha, ndiye nkhaniyi inatuluka mu 1899 m'magazini ya Blackwood's. Nkhanza sanabise ayi. Marlow, amene akusimba nkhaniyi, atangofika akuona amuna 6 omangidwa unyolo m'khosi atasenza madengu a dothi, pansi pa mitengo ena angogona kudikira imfa ntchito itawafinya, ndipo kwa Kurtz uja wotolera minyanga ya njovu mitu ya anthu yazikidwa pa mitengo pafupi ndi nyumba yake. Pamenepo mtima umawawa zedi. Koma taonani, anthu akudawo alibe mayina, alibe kwawo komwe ungakudziwe, amangooneka manja, maso ndi mfuu za m'mbali mwa mtsinje, ndipo pomwe apatsidwa mawu ndi pang'ono penipeni, pena wina akupempha kuti apatsidwe anthu adye, pena wina akulengeza m'Chingerezi chothyoka kuti Kurtz wafa. Chisoni chilipo inde, koma ndi chisoni chomwe umamvera ng'ombe yokoka ngolo.

N'chifukwa chake Achebe mu 1975 pa yunivesite ya Massachusetts ku Amherst ananena poyera kuti Conrad anali watsankho. Ena amamuikira Conrad kumbuyo kuti woyankhula ndi Marlow osati mlembi, koma m'buku monsemo palibe munthu wakuda amene wapatsidwa mpata womuyankha Marlow, ndiye ine apa ndili mbali ya Achebe.

Tsono buku la Achebe, la 1958. Azungu amabwera mochedwa kwambiri, choyamba umakhala kaye ku Umuofia pakati pa Aigbo a ku Nigeria, kulima zilazi, kukambirana malowolo, mpikisano wa kulimbana, milandu kuweruzidwa ndi egwugwu omwe ndi mizimu ya makolo yovala zigoba. Mkhristu wina dzina lake Enoch atavula egwugwu chigoba pagulu, mudzi unakagwetsa tchalitchi, ndipo amene anakulira kufupi ndi dambwe safunika kuuzidwa kuti mlandu umenewo ndi waukulu bwanji. Chomwe ndimamukondera Achebe n'choti sanapake anthu ake mafuta. Mapasa ankatayidwa kunkhalango, Okonkwo mwininkhani amamenya akazi ake, anapha ndi chikwanje chake Ikemefuna mwana amene ankamutchula kuti bambo, ndiye Nwoye, mwana wa Okonkwo, akamathawira kwa amishoni umamumvetsa, sunganene kuti wangopusitsidwa. Kumapeto Okonkwo atadzimangirira, bwana DC akuganiza zoti munthu yenseyu angakwane mwina ndime imodzi m'buku lomwe akulemba. Ukawerenga zimenezi kaye, ukafika kwa Conrad umaona wekha anthu omwe akusowamo.

Pa nkhani ya thumba Conrad ndiye wosavuta, ali ulele pa Project Gutenberg, kungodawuniloda pa foni basi, koma Chingerezi chake ndi cholemera, ziganizo zazitali zofuna dikishonale pambali. Achebe Chingerezi chake ndi chofewa chodzaza miyambi, kungoti ukuyenera kugula kapena kubwereka ku laibulale. Amene mungakwanitse, Conrad mupeze wa Norton Critical Edition, muli nkhani ija ya Achebe yotchedwa An Image of Africa, muwerenge zonse ziwiri motsatana.