Pampu yothira mankhwala a alkalinity patatha pafupifupi chaka

Pampu yothira mankhwala yomwe ndinaika pa thanki yanga ya madzi amchere yowetera makorali (tizamoyo ta m'nyanja tooneka ngati miyala kapena zomera) kuno ku Harare yatsala pang'ono kukwanitsa chaka, ndipo ndikutha kunena tsopano kuti ndi yothandiza kwambiri, ngakhale kuti ntchito yoyeza madzi sinandichotsere.

Makorali olimba monga Acropora ndi Montipora amamanga mafupa awo ndi calcium carbonate, ndipo zomangirazo, zomwe ndi kashiamu ndi carbonate, amazitenga m'madzi. Alkalinity ndi mphamvu ya madzi yolimbana ndi asidi, yomwe imachokera makamaka ku carbonate ndi bicarbonate wosungunuka m'madzimo, ndipo pampuyi imabwezeretsa zomwe makorali atenga. Madzi a m'nyanja zamchere amakhala ndi alkalinity ya pafupifupi 7 dKH (dKH ndi muyeso wa alkalinity), pamene oweta makorali ambiri amasunga matanki awo pakati pa 7 ndi 11. Ine ndinasankha 8. Alkalinity ikatsika ndi 1 dKH, kashiamu amatsika ndi pafupifupi 7 ppm (magawo pa miliyoni) yokha, zomwe siziwoneka bwino m'madzi okhala ndi kashiamu wopitirira 400 ppm, choncho alkalinity ndiyo imayamba kuulula kuti makorali akudya zomangirazo. Ife amene tinazolowera kuweta mbuna za m'nyanja ya Malawi timadziwa madzi a pH yokwera (pH ndi muyeso wa asidi: ikakwera, asidi ndi wochepa), koma mbuna zimapirira zinthu zomwe Acropora sangapirire.

Ubwino waukulu wa pampuyi ndi wakuti imagawa mlingo wa tsiku lonse m'timadontho tambiri usana ndi usiku, m'malo mothira zonse nthawi imodzi monga ndinkachitira ndi sirinji. Manambala anakhazikika, nsonga za makorali zinayamba kutalika, ndipo ndere zofiirira za coralline zinafalikira pamiyala. Komatu kukula komweko ndiko kunabweretsa vuto, chifukwa makorali akakula amadya zambiri, nderezo nazo zimadya, pamene pampu imangothira mlingo womwe inauzidwa kale. Patapita miyezi ingapo ndinapeza alkalinity ikutsika pang'onopang'ono pampu ikugwira ntchito bwinobwino. Ndinawonjezera mlingo mosamala, osalola kusintha kopitirira 1 dKH pa tsiku, popeza kukwera kwadzidzidzi kumayeretsa nsonga za Acropora, makamaka ngati nitrate ndi phosphate, zomwe zimachokera ku zakudya ndi zinyalala za m'thanki, zili zochepa kwambiri.

M'nyengo yozizira ya June ndi July zinthu zinatembenuka. Mawindo akakhala otseka, mpweya wa carbon dioxide umachuluka m'nyumba, pH ya madzi imatsika, makorali amamanga mochedwa, ndipo alkalinity inayamba kukwera pa mlingo womwewo. Ndinayenera kuchepetsa, kenako ndinawonjezeranso kutayamba kutentha.

Zofooka za chipangizochi zilipo ndithu. Timapaipi take timatopa, moti pampu ikauzidwa kuthira 10 ml imatha kuthira zochepera, ndiye muyenera kumaiyesa ndi kachubu kokhala ndi manambala n'kuikonza. Kukamwa kwa kapaipi kumaundana zoyera ngati kali pafupi kwambiri ndi madzi. Magetsi akazima nthawi yaitali, yangayi imasokoneza nthawi zothirira, ndipo mavuto amenewa anatha nditailumikiza ku batire ya sola.

Pa nkhani ya ndalama, mankhwala a m'mabotolo ndi okwera mtengo chifukwa, monga mchere wopangira madzi a m'thanki womwe, amachokera kunja kudzera ku South Africa. Ine ndimasungunula soda wophikira, yemwe ndi sodium bicarbonate, m'madzi osefedwa ndi RO/DI (sefa yochotsa pafupifupi zonse zosungunuka m'madzi), ndipo kashiamu ndimamuthira ndi kapaipi kena pa nthawi ina kuti ziwirizi zisakumane n'kuundana. Madzi a pamjigo osasefa sindiwagwiritsa ntchito, chifukwa amabwera ndi alkalinity yawoyawo yomwe imasokoneza mawerengedwe. Magnesium ndimamusunga pafupi ndi 1300 ppm, popeza akachepa zimavuta kuti alkalinity ndi kashiamu zikhale m'madzi pamodzi.

Ngati muli ndi makorali ofewa okha ndipo mumasintha madzi pafupipafupi, ndalama zanu musawononge. Koma ngati mukuweta Acropora, gulani pampuyi pamodzi ndi zoyezera zodalirika monga za Salifert kapena Hanna, ndipo muziyeza kawiri pa sabata, pa ola lomwelo.